Kupanga texture ya mwala, chitsulo ndi utsi pogwiritsa ntchito mafyuluta a GIMP

Texture ndi chithunzi chongosonyeza khungu la chinthu: kukhakhala kwa mwala, mizere ya thabwa, dzimbiri, utsi, kapena mawanga osafanana ndi chinthu chilichonse chodziwika. Imaikidwa kumbuyo kwa mawu pa positala, pa chikuto cha buku, pa tsamba la intaneti, ndiponso amakutira nayo makoma ndi pansi m'masewera a pakompyuta. Sipafunika kamera kapena luso lojambula pamanja. Mumayamba ndi tsamba lopanda kanthu n'kumasanjikiza mafyuluta (zida za pulogalamu zosinthira maonekedwe a chithunzi), iliyonse ikugwira pa zimene inzake yasiya.

Malangizowa ndi a GIMP, pulogalamu yaulere yomwe Spencer Kimball ndi Peter Mattis anayamba kulemba ali ophunzira pa yunivesite ya ku Berkeley ku America ndipo inatuluka mu 1996. Mayina a menyu ndi a GIMP 2.10 ndi 3.0 ya Chingerezi. Amene ali ndi Photoshop apeza zofanana nazo pa Filter > Render > Clouds ndi Filter > Distort > Displace.

Mfundo imodzi igwireni kuyambira pano: mitundu imabwera pomaliza. Ntchito yonse yomanga mawanga, mizere ndi zitunda ichitike ndi chakuda, choyera ndi chotuwa basi. Mafyuluta amene amabereka texture yabwino sasamala za kufiira kapena kubiriwira. Amawerenga kuwala kwa pixel iliyonse (kadontho kamodzi mwa timadontho topanga chithunzi) ngati nambala, choyera ngati pamwamba pa chitunda, chakuda ngati pansi pa dzenje. Mukathira mitundu msanga, diso limakopeka nayo, ndipo simuona kuti pansi pake palibe chilichonse chogwirika.

Kukonza tsamba

Dinani File > New, ndipo lembani 2048 m'lifupi ndi 2048 m'litali. Manambala ngati 512, 1024 ndi 2048 ndi amene mapulogalamu a masewera ndi a 3D amalandira mosavuta, komanso amagawika pakati popanda chotsala, zomwe zithandize poyesa misoko, yomwe ndi mizere yooneka pamene texture yobwerezedwa yalumikizana. Musanadine OK, tsegulani Advanced Options, ndipo pa Precision sankhani 16-bit integer. Pa Color space siyani RGB, ngakhale muyambe ndi chotuwa chokha.

Nkhani ya 16-bit si yongokometsa. Chithunzi cha 8-bit chili ndi masitepe 256 okha kuchokera pa chakuda kufika pa choyera, pamene cha 16-bit chili nawo 65,536. Mitambo ya fyuluta, yomwe tipange pansipa, imakhala yotuwa, yodzazana pakati pa masitepewo. Mukaikoka ndi Curves, chida chosinthira kuwala, kuti kuda ndi kuyera kulekane, masitepe a 8-bit amatalikirana, ndipo pamene panali posalala see pamatuluka mikwingwirima. Ikatuluka, siichoka bwinobwino. Choipa chake n'chakuti layer imodzi (limodzi la masamba osanjikizana opanga chithunzi) ya 2048 ndi 2048 imadya pafupifupi 32 MB pa 16-bit m'malo mwa 16 MB. Kompyuta ikamalemedwa, yeserani pa 1024 kaye.

Ngati texture ndi yokasindikiza, werengani kukula musanayambe. Pa 300 ppi (ma pixel 300 pa inchi iliyonse), ma pixel 2048 amangokwana masentimita 17 ndi pang'ono, ndipo pepala la A4 limafuna 2480 ndi 3508.

Mitambo yoyambira

Pitani pa Filters > Render > Noise > Solid Noise. Mitambo imeneyi ndi ya banja la njira imene Ken Perlin anatulukira mu 1983: manambala achisawawa, koma osalalitsidwa kuti pixel iliyonse isasiyane kwambiri ndi yoyandikana nayo. N'chifukwa chake amaoneka ngati chinthu chachilengedwe, osati ngati mchenga wa pa TV yosagwira siteshoni.

X size ndi Y size amanena kuchuluka kwa mawanga. Nambala yaing'ono, monga 2, imapereka mawanga akuluakulu ochepa, pamene 16, yomwe ndi mapeto, imapereka timawanga tambiri. Detail imayambira 0 kufika 15. Pa 1 mitambo imakhala yosalala ngati utsi, ndipo pa 6 kapena 8 imayamba kukhakhala ngati thanthwe. Kupitirira pamenepo kusintha kumakhala kochepa koma kudikira kumachuluka. Chongani Tileable nthawi zonse, pokhapokha mukudziwa kuti chithunzicho simudzachibwereza. Turbulent muisiye kaye.

Yambani ndi X 4, Y 4, Detail 5. Kenako dinani Colors > Auto > Stretch Contrast kuti malo odera kwambiri akhale akuda bii ndipo owala kwambiri ayere mbee.

Pali nambala ina yomwe ambiri amaidumpha, ya Random seed. Nambala imeneyi ndiyo imasankha mitambo yomwe ituluke. Seed yomweyo ndi manambala omwewo zimabweretsa mitambo yomweyo ndendende, ngakhale patapita chaka. Ilembeni pa dzina la layer, mwachitsanzo "solid x4 y4 d5 seed 2210". Mukapeza chinthu chokongola mutadina mafyuluta khumi osalemba kalikonse, simudzachibwerezanso pa kukula kwina. Ndipo poyesa, sinthani chinthu chimodzi nthawi imodzi. Mukasuntha zitatu pamodzi simudziwa chimene chakonza kapena chimene chaononga.

Mitsempha ya mwala wa mabo

Pangani layer yachiwiri pamwamba, ndipo ithireni Solid Noise ya manambala omwewo koma seed ina. Pa bokosi la Layers, sinthani Mode ya layer yapamwambayo kukhala Difference. Nthawi yomweyo muona timizere takuda tokhotakhota tikuyenda m'chithunzi chonse.

Chimene chachitika n'chakuti Difference imachotsera kuwala kwa layer ina pa inzake, osalabadira kuti yaikulu ndi iti. Pamene ma layer awiriwo akufanana, chotsala ndi ziro, ndiye kuti chakuda. Malo ofananawo amalumikizana kukhala mizere. Dinani Layer > New from Visible kuti zooneka zikhale layer imodzi yatsopano, kenako Stretch Contrast, chifukwa Difference imadetsa chithunzi. Mukaonjezera layer yachitatu pa Difference, mitsempha imachuluka n'kumadutsana. Kawiri kapena katatu n'kokwanira. Kachisanu chithunzi chimasanduka matope.

Mukafuna mitsempha yowala pa mwala wakuda, ngati mphezi, dinani Colors > Invert, kenako mu Colors > Levels kokerani kampheka kapakati kumanja mpaka patsale mizere yopyapyala yokha. GIMP ili ndi fyuluta ya Difference Clouds imene imachita zonsezi kamodzi, koma njira ya ma layer ndi yabwinopo chifukwa mutha kubwerera n'kusintha mtambo umodzi wokha.

Chitsulo chosungunuka ndi Curves

Apa ndi pamene mitambo wamba imasinthiratu, ndipo ndi pamene 16-bit imaonetsa phindu lake. Tengani Solid Noise yosalala, X 3, Y 3, Detail 1, ndipo chitani Stretch Contrast. Tsegulani Colors > Curves. Mzere umakhala woongoka kuchokera pansi kumanzere kukafika pamwamba kumanja. Gawani bokosilo m'magawo anayi ndi maso. Pa mapeto a gawo loyamba dinani pa mzere n'kuukokera pamwamba penipeni. Pakati ukokereni pansi. Pa mapeto a gawo lachitatu pamwambanso, ndipo nsonga yomaliza muitsitse pansi. Mzere uoneke ngati chilembo M.

Ulendo uliwonse umene mzerewo wakwera n'kutsika, pa chithunzi pamabadwa mkombero wowala ndi wakuda wotsata m'mbali mwa chitunda chilichonse, ngati mizere ya pa mapu yosonyeza kutalika kwa phiri. Diso likaona kuwala ndi mdima zikusinthana motero pa chinthu chosalala limati ndi chitsulo chopukutidwa. Nsonga ziwiri zimapereka chitsulo chofatsa, zinayi kapena zisanu zimapereka mafuta oyandama pa madzi.

Zimalakwika m'njira ziwiri. Ngati Detail inali yaikulu, kachitunda kalikonse kamapeza mkombero wakewake ndipo zonse zimangoti nyankhalala. Bwererani ku Detail 1, kapena thirani Filters > Blur > Gaussian Blur ya 20 musanakhudze Curves. Ngati nsonga za mzere zagunda denga la bokosi n'kuphwatalala, pa chithunzi patuluka zigamba zoyera zopanda kanthu mkati. Tsitsani nsongazo pang'ono kuti zikhale zobulungira.

Thabwa, chitsulo chokwechedwa ndi ming'alu

Thabwa limachokera pa Solid Noise yomweyo, mukangosiyanitsa manambala awiri aja. X 16 ndi Y 1 zimakoka mawanga kukhala mizere yotsika. Mukathira Curves ya chilembo M pamwamba pake, mizereyo imagawika ngati ya thabwa lopalidwa. Mfundo ya mtengo mumaipanga ndi chida cha Warp Transform, chomwe chimabwera mukadina W: sankhani Swirl clockwise, Size 250, n'kugwira malo amodzi kanthawi kochepa.

Chitsulo chokwechedwa n'chachidule. Dzazani layer ndi chotuwa cha 808080 (nambala ya mtunduwo, yolemba m'bokosi losankhira mitundu), thirani Filters > Noise > RGB Noise mutachotsa chongi pa Independent RGB kuti timadontho tisakhale tamitundumitundu, kenako Filters > Blur > Linear Motion Blur, Length 150, Angle 0. M'mbali mwa kumanzere ndi kumanja mizere imaoneka mosiyana chifukwa fyuluta ilibe ma pixel okwanira oti isakanize. Dulani mbalizo.

Ming'alu ya dothi louma imafuna Cell Noise, yochokera pa njira ya Steven Worley ya mu 1996. Imamwaza timadontho tosaoneka, ndipo pixel iliyonse imawala malinga ndi mtunda wake kuchokera pa kadontho. Rank 1 imayeza mtunda wokafika pa kadontho kapafupi kwambiri, Rank 2 pa kotsatira. Pangani ma layer awiri a seed imodzi, Scale imodzi ndi Iterations 1, wina Rank 1 wina Rank 2, ndipo wapamwamba muuike pa Difference. Pamalire a timadontho tiwiri mitunda iwiriyo imafanana, choncho pamatuluka mzere wakuda. Zotsatira zake ndi zigawo zokhala ndi ngodya ngati khungu la buluzi. Levels ndiyo imachepetsa kapena kukulitsa ming'aluyo. Seed ikasiyana ngakhale ndi nambala imodzi, ming'alu situluka.

Kupinda mizere ndi Displace

Displace imasuntha pixel iliyonse malinga ndi kuwala kwa chithunzi china, chomwe timachitcha mapu. Chotuwa chapakati sichisuntha kanthu, chowala chimakankhira mbali ina, chakuda mbali inayo.

Choyamba pangani mizere yoongoka. Dinani G kuti mutenge chida cha Gradient (mitundu yosintha pang'onopang'ono kuchoka pa wina kupita pa wina), mitundu ikhale yakuda ndi yoyera, Shape ikhale Linear, Repeat ikhale Triangular wave. Gwirani Ctrl n'kukoka kamzere ka ma pixel 64 chotsika, kenako Enter. Tsamba lonse lidzaza ndi mizere yopingasa.

Chachiwiri pangani mapu awiri, Solid Noise ya X 3, Y 3, Detail 2, iliyonse ndi seed yake. Mutha kuwabisa podina kadiso, Displace iwaonabe.

Chachitatu sankhani layer ya mizere ija, tsegulani Filters > Map > Displace, ikani mapu oyamba pa Aux Input ndi achiwiri pa Aux2 Input. Kusuntha kwa mbali zonse ziwiri kuyambire pa 100. Abyss policy ikhale Loop, kuti malo amene ma pixel achokapo m'mphepete adzazidwe ndi a mbali inayo.

Kugwiritsa mapu amodzi pa mabokosi onse awiri ndi kulakwitsa kofala. Pixel iliyonse imasuntha mofanana chopingasa ndi chotsika, ndiye zonse zimangopendekera mbali imodzi ngati zakokedwa pa ngodya. Mapu awiri osiyana ndi amene amabweretsa kupotokola kwenikweni konga madzi ovunduka. Mizere ikatuluka ya manomano, mapu ali ndi tinthu tating'ono tochuluka, ndipo Gaussian Blur ya 10 pa mapuwo imathetsa vutolo.

Kudzutsa zitunda

Mpaka pano zonse n'zathyathyathya. Bump Map ndiyo imaponya kuwala kuchokera mbali imodzi kuti pakhale mthunzi. Pangani layer yatsopano ya chotuwa cha 808080, tsegulani Filters > Map > Bump Map, ndipo pa Aux Input sankhani texture yanu. Azimuth ndi mbali imene kuwala kukuchokera, ndipo 135 ndi pamwamba kumanzere. Musaitembenuzire pansi popanda chifukwa, pakuti maso athu anazolowera kuwala kochokera kumwamba, ndipo kukachokera pansi zitunda zimaoneka ngati maenje. Elevation ya 45 ndi yapakatikati. Mukaitsitsa kufika 25 mithunzi imakula ndipo khungu limakhakhala kwambiri.

Depth imayamba ili pa 3, nambala yoyenera mapu a mizere yakuthwa ngati ming'alu ija. Mitambo yosalala ya 2048 imatsetsereka pang'onopang'ono kwambiri moti pa 3 simuona kalikonse, choncho kwezani kufika 30 kapena 50. Chongani Tiled ngati texture ndi yobwereza. Layer yotuwa imeneyi muiike pamwamba pa zonse pa Mode ya Overlay kapena Soft light. M'ma Mode awiriwa chotuwa chapakati chimazimirira, n'kutsala kuwala ndi mthunzi zokha.

Texture yopangidwa ndi fyuluta imodzi imadziwikiratu kuti ndi ya kompyuta, chifukwa tinthu take tonse n'tofanana kukula. Mwala weniweni uli ndi zigamba zazikulu, ming'alu yapakati ndi timchenga tating'ono. Chitaninso chimodzimodzi: mtambo waukulu wa X 2 pa Mode ya Multiply, Opacity (mlingo wa kuonekera kwa layer) 30, kuti malo ena adereko, mitsempha kapena ming'alu pakati, ndi RGB Noise yochepa pa Overlay, Opacity 15, pamwamba. Pa Multiply choyera n'chimene chimazimirira, pa Screen ndi chakuda.

Tsopano mitundu

Dinani Layer > New from Visible, mutabisa kaye layer ya Bump Map, kuti mukhale ndi kope loti muthirepo mitundu. Colors > Map > Gradient Map imatenga gradient imene yasankhidwa panthawiyo, n'kupereka mtundu wa kumanzere kwake kwa ma pixel akuda, wa kumanja kwa oyera, ndi yapakati kwa otuwa.

Pangani gradient yanu. Dinani Ctrl+G, pangani yatsopano, dinani batani lakumanja la mbewa pa kamzere kake n'kusankha Split Segment Uniformly, magawo atatu, kenako ikani mitundu pa nsonga za gawo lililonse. Ya dzimbiri yesani 1a0f0a, 7a2e12, c8641e ndi e8d2a8. Ya madzi akuya yesani 06141f, 0f4c5c, 5fb3b3 ndi f2f7f5. Onani kuti mitunduyi ikunka niwala kuchokera kumanzere kupita kumanja. Mukasakaniza mitundu yowala mofanana, monga kufiira kowala ndi kubiriwira kowala, zitunda zonse munavutikira zija zimafafanizika. Gradient ya utawaleza ndi msampha womwewo.

Chithunzi chikatuluka cha mtundu umodzi wokha, ndiye kuti ma pixel onse anadzazana pakati, ndipo pakufunika Stretch Contrast kapena Levels musanathire mitundu. Chikakhalabe chotuwa, yang'anani Image > Mode, mwina chili pa Grayscale m'malo mwa RGB.

Amene ali ndi GIMP 3.0, yomwe inatuluka mu 2025, aona kuti mafyuluta ambiri amakhala pa layer ngati chizindikiro cha fx, oti mutha kuwatsegulanso n'kusintha manambala. N'zothandiza poyesa, koma akachuluka pa layer imodzi kompyuta imayamba kukwawa, chifukwa imawawerengera onse mukangosintha kanthu. Chongani Merge filter pa amene mwakhutira nawo.

Kubisa msoko

Ngati texture ikabwerezedwa pa khoma kapena kumbuyo kwa tsamba, mbali yakumanzere iyenera kulumikizana ndi yakumanja, yapamwamba ndi yapansi. Poyesa, gwiritsani kope la layer imodzi, dinani Shift+Ctrl+O, sankhani batani losuntha ndi theka la m'lifupi ndi theka la m'litali, Wrap around ili yochongedwa. Mbali zinayi zija zibwera pakati. Mukaona mtanda, pali msoko.

Tileable ija imateteza mitambo yokha. Gaussian Blur, Motion Blur, Warp Transform ndi Cell Noise zimatha kubweretsa msoko. Njira yodalirika pa mafyuluta a Blur ndi kubwereza chithunzi katatu mbali zonse ndi Filters > Map > Tile, kuthira fyuluta pa chachikulucho, kenako kudula chapakati. Cha 1024 chimakhala 3072, ndipo mumadula kuyambira pa 1024 ndi 1024. Msoko ukakhalapo kale, ufafanizeni ndi Clone kapena Heal, burashi yofewa ya 150, mukutenga malo osiyanasiyana ndipo osakhudza m'mphepete mwatsopano. Filters > Map > Tile Seamless imachita mwachangu, koma imangosanjikiza chithunzi pa kope lake losunthidwa. Pa utsi imagwira bwino, pa ming'alu ndi mizere yakuthwa imasiya zithunzithunzi ziwiriziwiri zachimbuuzi.

Msoko utatha, vuto lina limatsala. Chigamba chimodzi chowala kwambiri kapena chakuda kwambiri chimaonekera m'bokosi lililonse, ndipo munthu amaona mizere ya zigamba ali patali. Bwerezani kanayi mbali zonse, chepetsani chithunzi pa sikirini ndi Shift+Ctrl+J, n'kuyang'ana motsinzinira pang'ono. Chimene chikudumphira m'maso chifafanizeni, kapena tsitsani Opacity ya mtambo waukulu uja.

Kusunga

Sungani fayilo ya XCF, mtundu wa fayilo wa GIMP, ndi ma layer onse musanachite china chilichonse. Kenako pangani kope ndi Image > Duplicate, liphatikizeni ndi Image > Flatten Image, n'kulitsitsira pa 8-bit kudzera pa Image > Precision, yomwe mu 3.0 ikutchedwa Encoding. Pa bokosi lomwe lituluke, sankhani dithering ya Floyd-Steinberg. Imamwaza timadontho tosaoneka ndi maso tomwe timabisa masitepe m'malo osalala.

Tulutsani ndi Shift+Ctrl+E ngati PNG, yomwe siitaya kanthu. JPEG imagawa chithunzi m'timabokosi ta ma pixel 8 ndi 8 n'kutayamo zina, choncho pa utsi timabokosito timaonekera, ndipo pa texture yobwereza imatha kubwezeretsa msoko. Ngati fayilo yaing'ono ikufunikadi, Quality isatsike pansi pa 90, ndipo musasungenso JPEG pamwamba pa JPEG. Mapu a Bump Map okapita ku pulogalamu ya 3D asiyeni pa 16-bit PNG.

Ngati pamwamba pake pakhala mawu, lembani chiganizo chimodzi cha zilembo zing'onozing'ono pa texture, dinani 1 kuti muone kukula kwenikweni, n'kuchiwerenga. Chikamavuta kuwerenga, musakulitse zilembo. Tsegulani Levels pa texture, ndipo pa Output Levels kokani nsonga imodzi mkati: ya kumanja itsike ngati mawu ndi oyera, ya kumanzere ikwere ngati mawu ndi akuda.